Zilembo Zofulatira

9 Febuluwale

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, inu, alamu ndi mwana wanga Kafunso. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti utsikana unapita. Alamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga kalatayi mokweza, achemwali atakhala pampando wawo wa pakhomo uja. Werengani zonse. Musadumphe mizere imene sikukusangalatsani, ndimakudziwani.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndimasambitsa mwana wa abwana, kumudyetsa, kumuperekeza kusukulu, kukamutenga. Ali ndi zaka zinayi zokha koma akulemba kale dzina lake. Kuchipinda kwake zilembo zili paliponse, pakhoma, pambale, ngakhale pathaulo. Masana timakhala pansi n'kumamugwira dzanja akamalemba, ndipo akakhoza mayi ake amandiyamikira. Ndimaseka nawo, koma mumtima mumawawa, chifukwa dzanja limene ndimafuna kugwira ndi la mwana wanga.

Nkhani yanga ndi iyi. Kafunso wakwanitsa zaka zisanu, ndipo munandiuza kuti anayamba sukulu ya mkaka mu Januwale. Chiyambireni ndalandira makalata awiri, onse ongoti ali bwino, akudya, akusewera. Mbuzi nayonso imadya n'kusewera. Ine ndikufuna kudziwa zimene zikulowa m'mutu mwake. Mwana amene tinamupatsa dzina limeneli chifukwa cha mafunso ake osatha sangathe mwezi kusukulu osabwera ndi nkhani. Ndiye mwina inu mukuchita ulesi kulemba, kapena pali chimene simukundiuza.

Musandimve molakwa, achemwali. Mwamusunga zaka zitatu chimwalirireni bambo ake, ndipo ine ndemwe munandilera, mpaka inu osapondako kusukulu kuti ine ndipite. Sindiiwala. Koma za zilembo simungathe kuziona, ndipo alamu maso awo amakhala pa zidindo zawo tsiku lonse. Ndani akuyang'ana kope la mwanayu?

Mupatseni pepala ndi pensulo alembe chilichonse chimene akudziwa, ngakhale chilembo chimodzi. Muike mu envelopu momwe chilili. Alamu, musakonze.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Kafunso


27 Febuluwale

Mlamu wanga wovuta,

Moni wochuluka. Kalata yanu yafika ndipo ndawerenga yonse, ndi mbuzi yomwe. Achemwali anu anaseka mpaka kutsokomola. Tonse tili bwino. Ngati kumeneko kumapezeka timipeni tosemera labala wa zidindo, tosongoka bwino tija, mundikumbukire, chifukwa tanga tatha mano.

Mwana wanu amapita kusukulu tsiku lililonse, ndipo akaweruka amabwera kushopu kuno. Mukukumbukira mmene mulili. Tebulo langa lili pazenera, zikwangwani zouma zili kukhoma, ndipo kumbuyo kuli benchi ndi bokosi la zidindo zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Benchi limenelo ndiye ofesi yake. Dzana anandisanjira misomali yonse, yaifupi payokha, yaitali payokha, yopindika anaiika padera akuti ikudwala. Dzulo anandifunsa chifukwa chake chiphaniphani ndi kanthu kakang'ono koma dzina lake n'lalitali, pamene phiri ndi lalikulu koma dzina lake limatha msanga. Ndinamuuza kuti akafunse aphunzitsi, ine ndinalembedwa ntchito yosema, osati yoweruza milandu ya maina. Anandiyang'ana ngati ndamubera.

Ndiye mukamati palibe akuyang'ana kope lake, mukulakwira achemwali anu. Masana alionse akabweretsa chakudya changa amamukhazika pabenchi paja ndi kope, ndipo sachoka mpaka tsamba litadzaza. Ine ndimangomva kumbuyo kwanga kuti, bwereza, ichi chapendekeka, bwereza. Munthu wosadziwa angaganize kuti ndi mphunzitsi wamkulu. Sindilowerera, ndili ndi zikwangwani zitatu zofunika kutha mwezi usanathe.

Pepala lija ndi limeneli. Sindinakonze kanthu. Ndaliwerenga ndekha ndipo ndaona kuti mawu onse ali m'malo mwake, mpaka mawu akuti ZALANDIRIDWA alimo, chilembo chilichonse chokwanira. Mwana wa zaka zisanu kulemba mawu aatali choncho, ine ndikuti mwana wa abwana anuyo ayambe kuthamanga.

Achemwali anu akuti muzidya mokwanira, pachithunzi chija mwaonda.

Ndine,
Alamu anu


15 Malichi

Alamu,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine sindinadzuke bwino chilandirireni kalata yanu.

Mukuti mwaliwerenga pepalali ndipo zonse zili m'malo mwake. Mwaliwerenga ndi maso ati? Zilembo zonse zafulatira. Palibe ngakhale chimodzi choyang'ana kumene zilembo zimayang'ana, kupatula zija zofanana uku ndi uku. Mawu akuyambira kumanja kupita kumanzere. Ndinalitembenuza, ndinalizondotsa, mpaka ndinakaliika pagalasi la kubafa, ndipo m'pamene ndinatha kuwerenga. Mwana akatembenuza chilembo chimodzi kapena ziwiri ndimadziwa, ndimaziona kuno. Koma tsamba lonse, mzere ndi mzere, mosaphonya?

Ndinachita chinthu chopusa, ndinawaonetsa mayi a pano. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati mwanayu anagwapo n'kumenyetsa mutu, kapena ngati anadwalapo malungo aakulu. Ndinayankha kuti ayi. Nditabwerera kukhitchini ndinazindikira kuti ndayankha chinthu chimene sindikuchidziwa. Zaka zitatu ndamuona kawiri. Chilichonse chimene ndimadziwa cha mwana wanga chimadzera m'cholembera chanu.

Ndiye ndikufunsa, ndipo achemwali amve bwino. Kodi mutu wa mwanayu uli bwino? Chaka chatha mu Juni munakhala milungu isanu osalemba, kenako munati kunali kutanganidwa. Kunali kutanganidwa kapena kunali kuchipatala? Ndipo kusukuluko amapitadi? Sindikukhulupirira kuti mphunzitsi angaone zoterezi miyezi iwiri n'kukhala chete. Nanga mawu akuti ZALANDIRIDWA ndi mawu a sukulu ya mkaka? Anzake akuphunzira a, e, i, iye akulemba zamuofesi chamfutambuyo. Zikundionekera ngati mwanayu amagonera mushopu mwanumo kuyambira m'mawa, ndipo yunifolomu ndinatumiza ija amangovala pojambulitsa.

Ngati pali vuto ndiuzeni, ndine mayi ake, sindikomoka. Chimene sindingapirire n'kusekedwa m'maso. Mutumizenso pepala lina, ndipo nthawi ino muliyang'ane ngati munthu wamba.

Amake Kafunso


2 Epulo

Mlamu,

Moni. Tili bwino m'thupi, koma m'nyumba muno mwazizira chibwerereni kalata yanu.

Poyamba ndivomere kulakwa kwanga. Zaka makumi awiri ndakhala ndikusema zilembo chofulatira, chifukwa chidindo chimayenera kutero kuti podinda chituluke bwino. Maso anga amawerenga uku ndi uku osamva kusiyana. Nditalandira pepala la mwana ndinangoona mawu okwanira, ndinasangalala, ndinamata envelopu. Nditawerenga kalata yanu ndinatenga kope lake, ndipo ndinachita manyazi. Mwanayu wakhala akukopera zidindo za m'bokosi lija. Nkhani yonse ndi imeneyo. Sanagwepo, sanagonepo m'chipatala, ndipo mu Juni muja ndine ndinadzicheka chala, sindinafune kuti mundiseke.

Kulakwa kwachiwiri n'kwa tonse awiri. Munati ndiziwerenga zonse osadumpha, ndipo ndinawerenga zonse. Sindinadziwe kuti Kafunso ali kunsi kwa tebulo. Nditafika pa funso lanu la mutu, anatuluka, anagwira mutu wake ndi manja awiri, n'kufunsa achemwali anu kuti wasweka pati. Chiyambire tsiku limenelo pensulo sakuigwira. Mukamupatsa amaika manja kumbuyo. Ndamunyengerera ndi maswiti, ndamuopseza kuti ndilemba ganyu mwana wina pabenchi pake, sizikuthandiza. Choncho pepala limene mwapempha mulibe mu envelopu muno, ndipo sindikakamiza mwana kuti inu mugone tulo.

Achemwali anu anamva zonse munalemba. Anangotenga bokosi la zidindo n'kulikweza pamwamba pa kabati. Masiku ano akamuperekeza kusukulu amakhala komweko mpaka kuweruka, akuti akuthandiza kusesa ndi kutunga madzi. Chakudya changa chikumabwera mochedwa, koma sindikudandaula, ndikuona kuti mtima wawo suli m'malo. Kalatayi akaponya ndi iwo mawa popita.

Mukhale ndi mtima wodekha, mlamu. Mwana ameneyu tonse timamukonda.

Alamu anu


19 Epulo

Alamu,

Moni sindikumanani, koma lero ulibe mafuta.

Mwalemba kuti mwana sakugwira pensulo ndipo mu envelopu mulibe pepala lake. Nanga ili ndalipeza lopindidwa kanayi kuseri kwa kalata yanu lalowamo lokha? Lili pano pamwendo panga. Mizere isanu ya a e i o u, mizere isanu ya ma me mi mo mu, zonse zoyang'ana kolondola. Mwaiwala zimene munalemba, kapena munasintha maganizo pomaliza n'kuona kuti mungonditseka pakamwa?

Ine ntchito yanga ndi manja a ana. Ndikudziwa mmene mwana amalembera. Amathamanga, amadumpha mzere, chilembo china chimakula ngati nyumba, china chimachepa, ndipo akatopa amajambula mphaka pakona. Ili si dzanja la mwana. Wolemba apa wadinikiza pensulo mpaka pepala kuboola pawiri. Chilembo chilichonse wachifufuta n'kuchibwereza, ndipo palibe pamene wadumpha mzere. Ameneyu ndi munthu wamkulu amene akuyesera kulemba ngati mwana, mwina ndi dzanja lamanzere. Ndipo ndinene mosabisa, walemba zonyansa. Mwana wa abwana wa zaka zinayi akanachita manyazi nazo. Munthu wamkulu ndi mano ake onse kukhala pansi n'kupanga zoterezi, ndiye kuti manyazi anamuthera. Muwerenge mzere umenewu mokweza, amene walemba amve.

Tsopano nkhani ya zidindo ndiikhulupirire bwanji? Nkhani ya chala? Munthu akanama pa pepala limodzi, makalata onse a zaka zitatu ndimayamba kuwawerenga mwatsopano. Achemwali, inu simutha kuona zimene zimalowa mu envelopu, ndiye sindikukuimbani mlandu wa pepalali. Koma mumakhala m'nyumba momwemo, ndipo mwakhala chete.

Ndalembera aphunzitsi ake mwachindunji, ndiwatumizira ndi pepala lomwe. Azakhali ake a mwanayu, alongo awo a malemu bambo ake, akhala akundipempha kuyambira kale kuti azikhala kwawo, kumene kuli ana opita kusukulu ndi akuluakulu odziwa kuyang'ana kope. Ndinkakana chifukwa cha achemwali. Yankho la aphunzitsi likandikhumudwitsa, ndivomera.

Amake Kafunso


3 Meyi

Mlamu,

Moni. Ndilemba mwachidule chifukwa ndakwiya, ndipo ndikakwiya ndimalakwitsa zilembo.

Ine sindinaike pepala lililonse mu envelopu imeneyo. Ndikanafuna kukunamizani ndikanalemba zokongola, ntchito yanga ndi imeneyo. Sindikudziwa chimene mwalandira. Ndafunsa mwana, wangoyang'ana pansi. Ndafunsa achemwali anu ngati envelopu inatsegulidwa panjira, angotuluka panja.

Kalata yanu ndawawerengera yonse monga mwa lamulo lanu, mwana ndinayamba ndamutuma kwa aneba. Nditafika pa mawu a zonyansa ndi manyazi, achemwali anu anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anadzuka n'kukatsuka mbale zimene anali atatsuka kale. Atamva za azakhali, chakudya sanadye.

Ganizani bwino musanachite zimene mukunenazi. Mayi ameneyu alibe mwana wina.

Alamu anu


6 Meyi

Mayi,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndathokoza. Makolo ambiri amene ali pafupi safunsa zimene inu mwafunsa muli kutali. Ndine mphunzitsi wa mwana wanu, ndipo ndiyankha mafunso anu mmene munawandandalikira.

Kusukulu amabwera. Chiyambire Januwale wajomba masiku awiri, a chimfine. M'kalasi sitinayambe kulemba m'makope, timaumba zilembo ndi dongo, timazijambula pamchenga ndi chala, timaimba, timasanja zitsekerero za mabotolo. Kope la kunyumba ndinaliona mochedwa, apo ndikanathandiza msanga.

Mutu wake uli bwino, ndipo ndikupemphani kuti funso limeneli lisamvekenso pamene iye ali. Taganizani, mayi. Kwa zaka zisanu mwana waphunzira kuti kapu ndi kapu, kaya chogwirira chili kumanja kaya kumanzere. Mpando ukautembenuza ndi mpandobe. Kenako ife tikubwera n'kumuuza kuti kandodo kokhala ndi mimba kumanja ndi b, koma mimba ikapita kumanzere kasanduka d. Kwa mwana limeneli ndi lamulo lachilendo, ndipo limatenga nthawi. Wanuyu anakopera chimene anapatsidwa, mosaphonya ngakhale kamzere kamodzi. Mwana wa mutu wovuta sangathe zimenezo.

Nditamuonetsa kuti zilembo zake zafulatira, anakana. Anatenga pepala, anaima pazenera, analitembenuza kuti kuwala kudutse, ndipo mawu anaoneka bwinobwino. Anandiuza kuti, "Amayi ali kumbali inayo. Iwo akuona bwino." Ndaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi, yankho lotere ndinali ndisanalimve.

Zoona, anasiya kugwira pensulo. Koma milungu iwiri yapitayi wayambiranso, chifukwa m'kalasi muli wina amene ali m'mbuyo kuposa iye, ndipo ndinamupempha kuti azimuthandiza. Mwana wokana kuphunzira kawirikawiri savuta mukamupempha kuti aphunzitse. Tsopano ndiye amene amakalipira mnzakeyo kuti chilembo chafulatira.

Za pepala limene mwanditumizira, mwalondola, si dzanja la mwana wanu. Mwini wake ndikumudziwa, koma ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo ndi iye woyenera kukuuzani. Ndingokupemphani kuti mudikire pang'ono. Mwana pa msinkhu uwu amaphunzira bwino pamene mtima wake wakhazikika, ndipo pamene ali pano wakhazikika.

Ndine,
Mphunzitsi wake


20 Meyi

Alamu,

Moni. Makalata awiri afika tsiku limodzi, yanu ndi ya aphunzitsi.

Za mutu wa mwana ndamva ndipo mtima watsika. Za pazenera zija ndinawerenga nditatsekera kubafa kuti mwana wa eni ake asandione ndikulira. Pamenepo ndinalakwa, ndipo mumuuze kuti mayi ake akuti mutu wake ndi wabwino kuposa wawo.

Koma aphunzitsi avomera kuti pepala lija si la mwana, akumudziwa wolemba, ndipo analonjeza kubisa. Inu mukuti simukudziwa kanthu. Achemwali ali chete. Ndiye kuti anthu atatu akuluakulu mwazungulira mwana wanga, aliyense wagwira kachidutswa kake, ndipo ine mayi ake ndikuuzidwa kuti ndidikire. Ndidikire chiyani? Ndadikira kuyambira Febuluwale. Sindingagwire ntchito kuno ndikuwerenga kalata iliyonse ya kwathu ngati wapolisi.

Ndawalembera azakhali ake. Abwera kudzamutenga Loweruka loyamba la Juni. Mumulongedzere zovala, yunifolomu ndi kope lake. Achemwali azikamuona akafuna, ndi ulendo wa basi imodzi.

Sindikuchita izi mokondwa.

Amake Kafunso


4 Juni

Mlamu,

Moni. Zimene munalamula zachitika. Kalata yanu inafika Lachinayi, azakhali anafika Loweruka m'mawa ndi ambulera ndi chikwama chopanda kanthu. Sitinakangane nawo, si iwo olakwa. Achemwali anu anamusambitsa mwana, anamupesa, anapinda zovala zonse, mpaka zija zinamuthina kale. Kafunso ankaganiza kuti akupita kukacheza. Atafika pageti anabwerera, anawapatsa achemwali anu pensulo yake, n'kuwauza kuti asadumphe tsamba iye kulibe, Lolemba adzaona. Ine sindinamvetse. Ndinaganiza kuti ndi masewera awo.

Ndinamvetsa Lamulungu masana. Ndinalowa kuchipinda kukatenga malaya, ndinawapeza atagwada pansi, pepala lili pampando, lilime lili panja ngati mwana, akulemba. Mkazi amene ndakhala naye zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene ndimamuwerengera ngakhale pepala la mankhwala. Ndinaima pakhomo ngati chitsiru.

Kusesa kuja kunali kunama. Amakhala kumbuyo kwa kalasi pa kampando ka ana, mawondo ali m'khosi. Mnzake wa Kafunso wotsalira m'mbuyo uja ndi iwo. Ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawawerengera kuti alemba zonyansa, kawiri, chifukwa anati ndibwereze. Inu munalemba osadziwa, ine ndinawerenga osadziwa, koma iwo anamva akudziwa.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere, kalata imodzi yanga ikanathetsa zonse. Anati mawu awo akhala akudzera m'dzanja langa moyo wawo wonse, ndipo pa nkhani iyi yokha anafuna kuti mumve kwa iwo. Anayamba kulemba tsiku lotsatira nditawawerengera kalata yanu ya pa 19 Epulo ija, mzere umodzi masiku awiri kapena atatu, aphunzitsi akuwathandiza zilembo zimene anali asanafikepo. Ankaganiza kuti nthawi ilipo. Mzere womaliza amaliza mwana atapita kale. Ndinati tiufufute poti wapitirira nthawi, anakana.

Ndaiika momwe ilili. Sindinakonze.

Alamu anu


MNG'ONO WANGA

MONI. NDINE MKULU WAKO. NDALEMBA NDEKHA.

PEPALA LIJA NDINALEMBA NDINE. SINDINAFUNE KUKUNAMIZA. NDINKAFUNA UONE. DZINA SINDINAIKE CHIFUKWA ZILEMBO ZAKE TINALI TISANAFIKEPO.

ZIDINDO NDINAMUPATSA NDINE KUTI AZIKOPERA. KUNYUMBA KULIBE BUKU. SINDINKADZIWA KUTI CHILEMBO CHILI NDI KUMASO NDI KUMBUYO. MWANA SANALAKWE. ALAMU AKO SANALAKWE.

NDINAPITA KUSUKULU KUTI NDISAMUSOKERETSENSO.

WANENA ZOONA NDI ZONYANSA. DZANJA LANGA NDI LOLIMBA. LIKUFEWA.

MWANA NDI WAKO NDIKUDZIWA. USAMUTENGE.


17 Juni

Alamu,

Moni. Kwa inu ndilemba mizere yochepa, zambiri tidzakambirana pamaso, ndipo mudzanditukwane mmene mungafunire. Ndinakutchulani wabodza pa chinthu chimene simunachite. Pepani. Timipeni tanu ndagula, tibwera ndi munthu.

Ndawerenga kalata ya achemwali kasanu ndi kawiri. Ine amene ndimadzitama kuti ndimadziwa manja a ana, dzanja limene linandisambitsa ndi kundipesa sindinalizindikire. Ndinaona kuti ndi la munthu wamkulu, ndinaona kuti wavutika nalo, ndinaona pamene pensulo inaboola, ndipo pa zonsezo ndinangopezapo bodza. Manyazi amene ndinafunira wina andigwira ine.

Mu envelopu muno muli mapepala ena awiri. Amenewo musawawerengere. Muwapatse m'manja, mutuluke, mukaseme zidindo zanu. Ngakhale atenge masiku atatu, musathandize pokhapokha atakuitanani.

Amake Kafunso


ACHEMWALI

MONI. NDINE MNG'ONO WANU.

KALATA YANU YAFIKA. NDAWERENGA MAWU ONSE. PALIBE CHILEMBO CHOFULATIRA.

NDINALAKWA. NDINANENA MAWU OIPA. SI ZONYANSA. NDIKHULULUKIRENI.

PEPALA LINALO NDI LA AZAKHALI. SINDINAMATE. MUPITE NALO NOKHA. MUYAMBE MWAWERENGA KUTI MUDZIWE CHIMENE MWANYAMULA.


AZAKHALI

MONI. ZIKOMO POMUSUNGA. NDINAFULUMIRA.

PEREKANI MWANA KWA AMAYI AKE AMENE ABWERA NDI KALATAYI.